Zilembo Zonenepa Zopendekeka: Maonekedwe ndi Ntchito Yake pa Zikwangwani za ku Machinga ndi Balaka

Zilembo zomwe anthu amawerenga tsiku ndi tsiku zimagawika pawiri malinga ndi ntchito yake. Gulu loyamba ndi la zilembo za nkhani yaitali, zopezeka m'mabuku a kusukulu, m'nyuzipepala ndi m'makalata a boma. Izi zimakhala zoonda, zoimirira njo, ndipo zinapangidwa kuti diso lizitsata mzere ndi mzere osatopa. Gulu lachiwiri ndi la zilembo zokopa maso, zomwe ntchito yake ndi kuimitsa munthu wodutsa n'kumuuza mawu awiri kapena atatu asanapitirire. M'gulu lachiwirili muli mtundu wina wodziwika ndi zinthu zitatu: thupi la chilembo n'lonenepa, nsonga ndi ngodya zake n'zoulungika, ndipo chilembo chonse n'chopendekera kumanja. Mtundu umenewu umaoneka pa makoma a magolosale, pa magalasi a minibasi, pa malaya a magulu a mpira ndi pa mapepala olengeza zochitika, ndipo m'misika ya m'maboma a Machinga ndi Balaka muli zitsanzo zokwanira zophunzirirapo ubwino wake ndi malire ake.

Zizindikiro zitatu

Kunenepa kwa chilembo kumayezedwa poyerekeza kukula kwa mwendo wake ndi msinkhu wake. M'zilembo za m'mabuku mwendo umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 kapena 8 a msinkhu. M'zilembo zonenepa kwambiri umafika gawo limodzi mwa magawo 4, mwinanso kupitirira. Inki kapena penti ikachuluka chomwechi, mawu amaoneka patali ndipo samezedwa ndi zinthu zina zowazungulira. Koma kunenepaku kuli ndi mtengo wake. Mpata wa m'kati mwa zilembo monga a, e, o ndi p umachepa, ndipo mpatawo ndi umene diso limadalira posiyanitsa chilembo ndi chinzake. Ukatsekeka, e amasanduka o, ndipo a amangooneka ngati chibulumwa.

Kuulungika kumaoneka kumapeto kwa miyendo ndi m'malo omwe mizere iwiri imakumana. M'malo mwa ngodya yakuthwa pamakhala kukhota kofewa. Anthu ambiri amamva zooneka zoulungika kukhala zofatsa ndi zaubwenzi, pomwe zosongoka amazimva zaukali kapena zalamulo. Katswiri wa za maganizo wa ku Germany, Wolfgang Köhler, anaonetsa mu 1929 kuti anthu amagwirizanitsa zojambula zoulungika ndi mawu omveka mofewa, ndipo zosongoka ndi mawu omveka mouma. N'chifukwa chake opanga maswiti, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi zoseweretsa ana amakonda zilembo zopanda ngodya.

Kupendekeka ndiko kumapatsa mawu liwiro. Zilembo zambiri za mtunduwu zimapendekera kumanja ndi madigiri apakati pa 8 ndi 15. Popeza Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi zimawerengedwa kuchokera kumanzere kupita kumanja, chilembo chopendekera mbali imeneyo chimaoneka ngati chili pa ulendo. Pali kupendekeka kwa mitundu iwiri. Kwina n'kongotenga chilembo choimirira n'kuchikankhira kumbali popanda kusintha kapangidwe kake. Kwina n'kojambula chilembo mwatsopano motsanzira dzanja la munthu wolemba ndi cholembera: a amakhala wa mimba imodzi monga amalembera ana kusukulu, f amatsika pansi pa mzere, ndipo miyendo ya m ndi n imathera ndi kamchira kolozera chilembo chotsatira. Mtundu wachiwiriwu ndi umene umakongola kwambiri pa chikwangwani.

Zizindikiro zitatuzi zikakhala pamodzi, chilembo chimakhala champhamvu koma chosaopseza, chooneka patali koma chansangala. Chimagwira ntchito yofanana ndi ya woitanira pa siteji ya minibasi: mawu ake amamveka kutali ndipo amakopa, koma palibe amene angamutume kuwerenga kalata ya mfumu pa msonkhano.

Komwe zinachokera

Zizindikiro zitatuzi zinabadwa nthawi zosiyana. Johannes Gutenberg atayamba kusindikiza ndi zilembo zachitsulo mumzinda wa Mainz cha m'ma 1450, zilembo zonse zosindikizira zinali zoimirira. Zopendekeka zinayamba ku Venice, m'dziko la Italy, pamene wosindikiza mabuku Aldus Manutius anatulutsa ndakatulo za Virgil mu 1501 ndi zilembo zosemedwa ndi Francesco Griffo. Zilembozo zinatsanzira kalembedwe kapamanja ka anthu ophunzira a nthawiyo, ndipo zinkagwiritsidwa ntchito posindikiza buku lonse. Patapita nthawi m'pamene osindikiza anayamba kuziika pakati pa zilembo zoimirira pofuna kutsindika mawu, monga zimachitikira lero.

Kunenepa kunadza ndi malonda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, mafakitale atachuluka ku Britain, amalonda anafuna mapepala omata pa makoma omwe munthu angawawerenge ali tsidya lina la msewu. Osula zilembo a ku London, mmodzi mwa iwo Robert Thorne, anapanga zilembo za miyendo yokhuthala kuposa zonse zomwe zinalipo kale. Zilembo zikuluzikulu zachitsulo zinali zolemera ndiponso zodula, choncho ku New York Darius Wells anapeza njira yozisema zambiri pa mtengo, ndipo anatulutsa ndandanda wa zilembo zake mu 1828.

Kuphatikiza kunenepa ndi kuulungika kunatchuka ndi Oswald Cooper wa ku Chicago, yemwe asanayambe kupanga zilembo zosindikizira anali wojambula zilembo pamanja. Zilembo zake zotchedwa Cooper Black zinatuluka mu 1922, ndipo zopendekeka zake zinatsatira mu 1926. Zinafala pa zikwangwani za masitolo ndi pa zikuto za zimbale, ndipo kampani ya ndege ya easyJet imalembera dzina lake ndi zilembo za banja limeneli. Mu 1979 kampani ya galimoto ya Volkswagen inapangitsa zilembo zake zoulungika zotchedwa VAG Rounded. Makompyuta atafala, Cooper Black ndi Arial Rounded zinafika m'maofesi ambiri pamodzi ndi mapulogalamu a Microsoft, ndipo kuyambira mu 2010 Google Fonts yakhala ikupereka zilembo zaulere monga Lobster ya Pablo Impallari ndi Nunito ya Vernon Adams. Kudzera m'njira zimenezi zilembo zomwe zinapangidwira malonda a ku America ndi ku Ulaya zinafika m'mashopu osindikizira a m'matauni a Malawi.

Malo ake ku Machinga ndi Balaka

Maboma awiriwa anali boma limodzi mpaka mu 1998, pamene Balaka inapatulidwa ku Machinga, ndipo malonda awo ndi a m'mbali mwa misewu. Msewu wa M3 wochokera ku Zomba umadutsa pa Liwonde, n'kuwoloka Shire, kenako pa Mangochi Turn-off umakhotera ku Ulongwe kulowera ku Mangochi. Kuchokera pamphambano pomwepo msewu wa M8 umapita ku Balaka ndi kukakumana ndi M1 pa Chingeni. Msewu wina umachoka pa Liwonde kudzera pa Nsanama ndi Ntaja. Palinso njanji yomwe imapatuka pa Nkaya kudutsa pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, m'malire a Mozambique, yomwe inatsegulidwa mu 1970. Ambiri mwa ogula m'malo amenewa ndi apaulendo, ndipo wapaulendo amasankha poima ndi maso ali m'galimoto kapena pa kabaza.

Choncho malo oyamba oyenera zilembo zonenepa zopendekeka ndi dzina la bizinesi pa khoma lakumaso. Golosale, malo odyera, saluni, malo ometera, ogulitsa mpunga wa ku dambo la Chilwa kapena nsomba za ku Malombe ndi Chiuta, onsewa amafuna dzina looneka msanga ndiponso lokopa. Zilembo zoulungika zimayenda bwino makamaka ndi chakudya, zovala ndi zodzoladzola, chifukwa wogula amafuna kumva kuti alandiridwa.

Malo achiwiri ndi zinthu zoyenda. Mayina ndi mawu omwe amamatidwa pa galasi lakumbuyo la minibasi, pa chitseko cha lole kapena pa chotchinga matope cha njinga ya kabaza amaoneka bwino akapendekeka, popeza kupendekekako kumagwirizana ndi kuyenda kwa chinthucho. Pano pali chinthu chimodzi chofunika kuchisamala. Kumbali ya dalaivala, yomwe ku Malawi ndi yakumanja, kutsogolo kwa galimoto kumakhala kudzanja lamanja la woyang'ana, motero zilembo zimapendekera komwe galimoto ikulowera. Kumbali inayo zimapendekera kumbuyo. Olemba ena amatembenuza kupendekeka mbali imeneyi kuti mbali zonse zifanane, koma zilembo zopendekera kumanzere zimawerengeka movuta, ndipo n'kwabwino kuzisiya momwe zinapangidwira.

Malo achitatu ndi zolengeza zochitika. Balaka ndi kwawo kwa oimba otchuka monga Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda, komanso magulu a Alleluya Band ndi Zembani Band. Pa pepala lolengeza phwando la nyimbo, mpikisano wa mpira kapena chikondwerero cha kwaya, dzina la gulu ndi lomwe limakoka anthu, ndipo ndilo liyenera kulembedwa ndi zilembo zonenepa zopendekeka. Tsiku, malo ndi ndalama yolowera zimafuna zilembo zina, monga zifotokozedwere kutsogoloku.

Malo achinayi ndi zokopa alendo. Nkhalango ya Liwonde, yomwe inakhazikitsidwa mu 1973, imabweretsa anthu ofuna malo ogona, mabwato oyendera pa Shire ndi ziboliboli. Malaya ndi zikwangwani zolunjika kwa alendo otere zimapindula ndi zilembo zosonyeza kupumula ndi chisangalalo.

Tauni ya Balaka ili ndi mbiri yakeyake ya zosindikiza. Kumeneku kuli Montfort Media, yomwe imatulutsa magazini a The Lamp ndi Together, ndipo makina a a Montfort a ku Balaka ndi amene anasindikiza kalata ya maepiskopi a Katolika yomwe inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992. Magazini iliyonse imaonetsa bwino kugawana ntchito kwa zilembo: pachikuto ndi pa mitu pamakhala zokopa maso, koma nkhani yeniyeni imalembedwa ndi zilembo zoonda zoimirira.

Kukula, mtunda ndi mitundu

Olemba zikwangwani m'mayiko ambiri amatsata lamulo losavuta: inchi imodzi ya msinkhu wa chilembo pa mafiti 10 alionse a mtunda, ndiye kuti pafupifupi masentimita 2.5 pa mamita 3. Chikwangwani chofuna kuwerengedwa momasuka pa mamita 30 chimafunika zilembo za masentimita 25. Zilembo zonenepa zopendekeka zimafuna kuonjezerako pang'ono chifukwa mipata yake ya m'kati ndi yopanikizika.

Liwiro la wowerenga nalonso limalowa m'masamu. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, choncho mamita 30 aja amatha masekondi awiri asanakwane. Nthawi imeneyi imakwanira mawu atatu kapena anayi basi. Chikwangwani cha m'mbali mwa M8 kapena M3 chodzaza ndi ndandanda wa katundu yense wa m'shopu sichiwerengedwa ndi aliyense wa m'galimoto. Cha m'kati mwa msika wa Ntaja, komwe anthu amayenda pansi, chikhoza kunyamula mawu ochulukirapo.

Pa nkhani ya mitundu, chofunika kwambiri ndi kusiyana kwa kuwala pakati pa chilembo ndi khoma. Chakuda pa chikasu, chakuda pa choyera, ndi choyera pa chabuluu wakuda zimaoneka patali. Chofiira pa chobiriwira n'chovuta, chifukwa mitundu iwiriyi imawala mofanana, ndipo pali anthu, makamaka amuna, omwe maso awo sasiyanitsa bwino mitundu imeneyi. Zilembo zoyera pa khoma lakuda zimaoneka zonenepa kuposa momwe zilili, motero wolemba amazichepetsa thupi pang'ono n'kuzitalikitsa. Dzuwa la ku Balaka ndi la m'chigwa cha Shire ndi laukali, ndipo penti yofiira imasuluka msanga kuposa yakuda kapena yoyera. Dzina lolembedwa mofiira limakhalitsa likazunguliridwa ndi mzere wakuda, chifukwa ngakhale m'kati mutafwifwa, m'mphepete mumasunga maonekedwe a chilembo.

Olemba ambiri amakonda kuika chithunzithunzi kumbali kwa zilembo kuti zioneke ngati zatuluka pa khoma. Chithunzithunzicho chiyenera kugwera mbali imodzi m'mawu onse, kawirikawiri kumunsi chakumanzere, ndipo chisakhuthale kuposa theka la mwendo wa chilembo. Chikapitirira pamenepo chimatseka mipata ya pakati pa zilembo zomwe ndi zonenepa kale.

Zomwe Chichewa ndi Chiyao zimafuna

Zilembo zambiri zokopa maso zinapangidwa poganizira Chingerezi, chomwe mawu ake a malonda amakhala aafupi. Chichewa chimalumikiza tizigawo tambiri m'liwu limodzi. Liwu lakuti timameta lili ndi zilembo 8, lakuti timagulitsa lili ndi 11, ndipo lakuti zoziziritsa lilinso ndi 11. Zilembo zonenepa zimadya malo m'lifupi, choncho liwu lalitali limafika kumapeto kwa khoma lisanathe. Wolemba wosayeza amayamba ndi zilembo zikuluzikulu n'kumalizira ndi zopanikizana. Njira yabwino ndi kusankha liwu limodzi lalifupi lonyamula uthenga, monga chigayo, nsomba, mpunga kapena tiyi, n'kulilemba monenepa, mawu otsalawo n'kuwaika pansi ndi zilembo zazing'ono. Ngati liwu liyenera kudulidwa, lidulidwe pothera phatikizo, ndipo magulu monga nkh, ntch, mph ndi ng' asagawidwe pakati.

Chichewa chilinso ndi zilembo m, n ndi w zambiri, ndipo nthawi zina zimatsatizana monga m'mawu akuti mwana ndi m'mwamba. M'zilembo zonenepa zopendekeka miyendo ya m, n ndi u imafanana, ndipo ikayandikana kwambiri imaoneka ngati mpanda wa mizere yokhayokha. Mipata ya pakati pa zilembozi iyenera kutakasidwa pang'ono kuti chilembo chilichonse chidziwike poyambira ndi pothera.

Kachizindikiro ka m'mwamba kopezeka m'mawu monga ng'ombe, pang'ono ndi m'nyumba n'kakang'ono koma kamasintha katchulidwe. Pakati pa zilembo zonenepa kamasowa mosavuta, makamaka pamene chilembo chopendekeka chakaphimba. Kayenera kujambulidwa mokhuthala mofanana ndi miyendo ya zilembo ndi kupatsidwa malo ake. Chimodzimodzinso w wa kachipewa. Chilembo cha ŵ chimapezeka m'zolemba zina za Chichewa, koma m'Chiyao, chomwe chimayankhulidwa kwambiri ku Machinga, chimabwera kawirikawiri, monga m'liwu lakuti ŵandu. Zilembo zambiri zaulere za pa intaneti zilibe ŵ. Zikatero kompyuta imaika kabokosi kapena imabwereka chilembocho ku mtundu wina, n'kutuluka w woonda woimirira pakati pa anzake onenepa. Wosindikiza wosamala amayamba walemba mawu okhala ndi ŵ ndi ng' kuti aone ngati zilembo zomwe wasankha zikukwanira, asanalandire ntchito.

Ku Machinga kuli Asilamu ambiri, ndipo zikwangwani za mizikiti, madarasa ndi mashopu ena zimakhala ndi mawu a Chiarabu pambali pa a Chichewa, Chiyao kapena Chingerezi. Chiarabu chimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Chikaikidwa pafupi ndi zilembo zopendekera kumanja, mizere iwiriyo imakokerana mbali zosiyana. Pa chikwangwani chotere zilembo zoimirira zimakhala bwino, ndipo ngati zopendekeka zikufunikabe, zipatsidwe mzere wakewake wotalikirana ndi wa Chiarabu.

Kulemba pamanja ndi pa kompyuta

Ngakhale makina odula masitika ndi osindikiza nsalu zazikulu afika m'matauni, makoma ambiri amalembedwabe ndi bulashi. Wolemba amayamba ndi kupala khoma ndi kupaka penti yapansi. Ikauma amajambula ndi choko mizere yopingasa inayi: wapansi pokhala zilembo, wa msinkhu wa zilembo zazing'ono, wa msinkhu wa zazikulu, ndi wa pothera michira ya g, j, p ndi y. Pa khoma lalitali chingwe chopakidwa choko, chokokedwa n'kumenyetsedwa pa khomalo, chimasiya mzere woongoka kuposa rula.

Kenako amajambula mizere yotsogolera kupendekeka. Njira yapafupi ndi kusuntha masentimita 2 kumanja pa masentimita 10 alionse okwera, zomwe zimapereka madigiri pafupifupi 11. Katoni yodulidwa pa ngodya imeneyi imathandiza kubwereza mzerewo khoma lonse. Cholakwika chofala pa zikwangwani zopendekeka ndi chakuti zilembo zoyamba zimapendekeka kwambiri, zomalizira n'kuimirira, chifukwa dzanja limasintha pamene wolemba akusuntha makwerero.

Zilembo zozungulira monga o, c, e ndi s zimayenera kupyola mzere wapansi ndi wapamwamba pang'ono. Zikangolekeza pa mzere penipeni zimaoneka zazing'ono poyerekeza ndi n kapena k. Mipata nayo siyezedwa ndi rula koma ndi diso: zilembo ziwiri za miyendo yoongoka zimatalikirana, ziwiri zozungulira zimayandikana, cholinga chili chakuti malo opanda kanthu a pakati pawo aoneke ofanana. Wolemba amabwerera m'mbuyo kukaima pomwe wowerenga adzaime asanayambe kupaka penti.

Kuulungika kuli ndi phindu lina kwa wogwira bulashi. Pa khoma la njerwa kapena la pulasitala wokhakhala, ngodya yakuthwa imavuta kutulutsa ndipo penti imayenderera, pomwe nsonga youlungika imatuluka ndi kutembenuza bulashi kamodzi. Masitika nawonso amayamba kumatuka pa nsonga zakuthwa, motero zilembo zoulungika zimakhalitsa pa galasi la minibasi lomwe limatsukidwa tsiku ndi tsiku.

Pa kompyuta, m'mapulogalamu monga CorelDRAW, Microsoft Word ndi Canva, pali zizolowezi ziwiri zoononga zilembo. Choyamba ndi kupendeketsa kapena kunenepetsa mokakamiza zilembo zomwe zilibe mtundu wake wopendekeka kapena wonenepa. Pulogalamu imangokankha chilembo kumbali, ndipo o amatuluka wokhuthala ngodya ziwiri, woonda ngodya zinazo. Chachiwiri ndi kukoka mawu m'litali kapena m'lifupi kuti akwane pa malo. Kukoka kotere kumasiyanitsa kukhuthala kwa mizere yoimirira ndi yopingasa, ndipo nsonga zoulungika zimasanduka zosongoka ngati dzira. Mawu akapanda kukwana, chofunika ndi kuchepetsa mawuwo kapena kusankha zilembo zopapatiza. Wosindikiza ayeneranso kudziwa kuti zilembo zili ndi eni ake. Zina zimagulidwa, zina ndi zaulere pa ntchito ya munthu payekha koma osati ya malonda, pomwe zomwe zili pansi pa chilolezo cha SIL Open Font License zimaloledwa pa malonda popanda kulipira.

Pomwe siziyenera

Zilembo zonenepa zopendekeka sizigwira ntchito pa nkhani yaitali. Ndime yathunthu yolembedwa nazo imada bii ndipo imatopetsa maso pakangotha mizere yochepa. Sizigwiranso pa zolemba zazing'ono monga malisiti, makadi a bizinesi ndi malangizo a pa botolo, chifukwa inki ikamwazika pang'ono mipata ya m'kati imatsekeka.

Manambala amafuna chisamaliro chapadera. Mu zilembo zonenepa 3, 6, 8 ndi 9 amafanana akaonedwa patali, ndipo 1 wopendekeka amayandikira 7. Wothandizira za Airtel Money kapena TNM Mpamba akhoza kulemba dzina la malo ake mokongoletsa, koma nambala yomwe kasitomala akopere mu foni iyenera kukhala ya zilembo zoimirira zotalikirana bwino, chifukwa kuphonya nambala imodzi kumatumiza ndalama kwa munthu wina. N'chimodzimodzi ndi mitengo ya katundu, nthawi yonyamukira basi ndi mitengo yogulira thonje kapena nandolo pa msika.

Machenjezo ndi malangizo nawo amafuna zilembo zopanda nthabwala. Zikwangwani za pamsewu m'mayiko ambiri zimalembedwa ndi zilembo zoimirira zopanda zokongoletsa, monga za DIN 1451 zochokera ku Germany zomwe zimagwiritsidwa ntchito ku South Africa. Chenjezo la ng'ona m'mbali mwa Shire, la podutsa sitima pa Nkaya kapena la mlingo wa mankhwala kuchipatala likalembedwa ndi zilembo zansangala limaoneka ngati malonda, ndipo owerenga saliopa. Maofesi a boma, makhoti, uthenga wa maliro ndi miyala ya pamanda zimafuna zilembo zaulemu zodekha.

Mabuku ophunzitsira ana kuwerenga ndi malo ena osayenera zilembozi. Mwana wa sitandade 1 akuphunzira kumene kusiyanitsa b ndi d, p ndi q, ndipo amafuna zilembo zoimirira zofanana ndi zomwe mphunzitsi amalemba pa bolodi. Bungwe la SIL linapanga zilembo zotchedwa Andika pa cholinga chimenechi. Zonenepa zopendekeka zikhoza kukhala pachikuto cha buku la mwana, koma osati m'masamba ophunzirira.

Pomaliza, mawu olembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha sayenda bwino ndi mtundu wotsanzira dzanja. Zilembo zazikulu za mtunduwu zinapangidwa kuti ziyambe liwu, ndipo zikandandalikana zimagundana. Chilembo chachikulu chimodzi koyambirira, zotsatira zazing'ono, ndiwo malembedwe osunga maonekedwe a liwu.

Kuphatikiza ndi zilembo zina

Chikwangwani chokonzedwa bwino chimakhala ndi magawo atatu otsatana malinga ndi kufunika kwake. Pamwamba pali dzina kapena liwu lokopa, lolembedwa ndi zilembo zonenepa zopendekeka. Pakati pali chomwe malowo amachita, cholembedwa ndi zilembo zoimirira za msinkhu wosapitirira theka la dzinalo. Pansi pali nambala ya foni, nthawi yotsegulira kapena mtengo, m'zilembo zoimirira zomwezo. Mitundu iwiri ya zilembo ndi yokwanira. Yachitatu ndi yachinayi imasokoneza diso, ndipo mitundu iwiri yokopa maso ikakhala pamodzi imalimbirana wowerenga.

Zilembo zothandizira ziyenera kusiyana moonekeratu ndi za dzina. Arial, Helvetica ndi zina zoongoka zopanda timichira zimagwirizana ndi zonenepa zoulungika chifukwa sizidzionetsera. Kuzungulira mawu onse payenera kutsala malire opanda kanthu, osachepera theka la msinkhu wa zilembo zazikulu, popeza mawu ofika m'mphepete mwa bolodi amasakanikirana ndi malata, zitseko ndi zikwangwani zoyandikana nazo.

Bizinesi ikasankha zilembo ndi mitundu yake, imapindula ikazisunga paliponse: pa khoma, pa malaya a antchito, pa galimoto ndi pa zithunzi zotumiza pa WhatsApp kapena Facebook. Kubwereza kotere kumachititsa kuti ogula azindikire malowo ndi maonekedwe a dzina lake asanaliwerenge n'komwe, zomwe zimathandizanso anthu omwe sadziwa bwino kuwerenga. Njira yotsimikizira kuti zilembo zasankhidwa bwino ndi kuyesa chikwangwanicho pa mtunda weniweni, masana ndi madzulo, ndi munthu yemwe sakudziwa zomwe zalembedwapo. Akawerenga dzina mwakamodzi n'kukopera nambala popanda kulakwitsa, ndiye kuti zilembo zonenepa zopendekeka zaikidwa pa malo ake ndipo zoimirira zagwira gawo lake.